Lekani Kuwalowezetsa Ana Kadontho Osakamvetsa

Pali chizolowezi china m'sukulu zathu za pulayimale chimene tachilekerera nthawi yaitali, ndipo lero tati tichitchule poyera. Lowani m'kalasi ya Sitandade 6 kapena 7, mulembe pa bolodi 0.3 × 0.2, ndipo simudzasowa mwana wokuyankhani kuti 0.6. Lembaninso 2.5 × 10, wina adzaimirira monyadira n'kunena kuti 2.50. Musamukalipire mwanayo. Iye watsatira zimene adamuuza, zoti ukachulukitsa ndi 10 uziika ziro kumapeto. Lamulo limeneli lidamuthandiza pa 25 × 10, koma lero lamutaya m'thengo, pakuti 2.50 ndi 2.5 yemweyo, wangovala chipewa.

Mlandu uli kwa iwo amene amathamangira kupatsa ana malamulo oloweza asanawaonetse chimene chimapatsa nambala mphamvu, ndicho malo amene yakhala. Mu 333 muli ma 3 atatu, koma sali ofanana: wina ndi wa mahandiredi, wina wa mateni, wina wa mawani. Nambala ikasunthira malo amodzi kumanzere imakula kakhumi, ikasunthira kumanja imachepa kakhumi. Kadontho sikabweretsa lamulo lachilendo ayi, kangokhala chizindikiro chosonyeza pamene mawani athera ndi pamene magawo ayambira. Mwana wodziwa zimenezi akaona 2.5 × 10 amazindikira kuti mawani awiri asanduka mateni awiri, ndipo magawo asanu mwa khumi asanduka mawani asanu, motero yankho ndi 25.

Tisaiwale kuti dziko lino lidasankha lokha kuwerenga ndalama m'makumi. Chisanafike chaka cha 1971 makolo athu ankavutika ndi mapeni 12 kuti akwane shilingi ndi mashilingi 20 kuti akwane paundi. M'chaka chimenecho kudabwera kwacha ya matambala 100, ndipo agogo amene sadapondeko m'kalasi ankadziwa bwino lomwe kuti K2.50 ndi makwacha awiri ndi theka, chifukwa matambalawo ankawamanga pa nsonga ya chitenje. Lero mwana wa Sitandade 6 sadagulepo kanthu ndi tambala. Mphunzitsi amene msika unkatipatsa kwaulere uja adapita. Kodi tachitapo chiyani kuti tipeze wolowa m'malo mwake? Mita ilipo, lita ilipo, sikelo ilipo. Mwana amene wayeza yekha chingwe n'kupeza mita imodzi ndi masentimita 25 sadzadabwa akaona 1.25. Ndipo tileke kulola ana kuwerenga 0.25 ngati kuti kuseri kwa kadontho kuli 25 wathunthu, pakuti ndi pomwepo pamene amayambira kukhulupirira kuti 0.25 imaposa 0.3.

Ena mwa inu mudzati nkhaniyi ndi ya aphunzitsi okha. Abale anga, ana amenewa ndiwo alembi, anamwino ndi alangizi a zaulimi a mawa. Tiyerekeze kuti mayi wabwera ndi mtedza wolemera makilogalamu 12.5, ndipo mtengo ndi K800 pa kilogalamu. Ayenera kulandira K10,000. Mlembi akaphonya malo amodzi okha alemba K1,000, ndipo thukuta la mayiyo lathera pansi. Mlembi wophunzitsidwa bwino amayamba wadzifunsa: 12 × 800 ndi 9,600, tsono yankho liyenera kukhala pafupi ndi pamenepo. Namwino amene sasiyanitsa mamililita 0.5 ndi mamililita 5 amapereka mankhwala ochuluka kakhumi. Imeneyo si nkhani yotaya malikisi.

Palinso ena ochenjera pakamwa amene amati masiku ano foni iliyonse imawerengetsa masamu, nanga tivutitsirenji ana? Foni imayankha zimene chala chadina. Chala chikalumpha kadontho, foniyo sidzatsokomola kukuchenjezani. Ngakhale Simon Stevin, amene mu 1585 adalemba kabuku kofalitsa kawerengedwe aka ku Ulaya, adalembera amalonda ndi oyeza malo, anthu amene kulakwitsa kunkawadyera chuma.

Dandaulo la aphunzitsi ndilo timalimva. Kuchokera mu 1994, pamene maphunziro a pulayimale adakhala aulere, makalasi ambiri adadzaza, ndipo mayeso a Sitandade 8 sadikira munthu. N'zoona kuti lamulo lakuti "chulukitsa ngati palibe kadontho, kenaka uwerenge malo" ndi lachangu, ndipo silinama. Ife sitikuti lichotsedwe. Tikuti libwere pambuyo, ana ataona chifukwa chake. Kuwaonetsa sikulira ndalama. Jambulani pa bolodi bwalo la mbali zinayi zofanana, muligawe m'mizere khumi chotsika ndi khumi chopingasa, kuti mukhale timabokosi 100. Detsani mizere itatu chotsika, ndiyo 0.3, ndi iwiri chopingasa, ndiyo 0.2. Pamene yakumana pali timabokosi tisanu ndi kamodzi mwa 100, ndiyo 0.06. Apo mwana amadzionera yekha kuti gawo la gawo limachepa, ndi kuti kuchulukitsa sikukulitsa nambala nthawi zonse monga ankaganizira. Phunziro limodzi lokha ndi choko chimodzi.

Tsono inu alangizi a maphunziro, mukayendera sukulu musakhutire poona makope odzaza ndi zochonga zofiira. Inu a m'makomiti a sukulu ndi inu akuluakulu a m'maofesi, madzulo ano itanani mwana wanu, mumufunse kuti pakati pa 0.25 ndi 0.3 yaikulu ndi iti. Akayankha, kaya wakhoza kaya walakwa, mumufunsenso kuti afotokoze chifukwa chake, ndipo zimene mumve mukazinene kwa mphunzitsi wamkulu pa msonkhano wa makolo ukubwerawu.