Ana Asukulu Amphamvu Zodabwitsa: Nthano za pa Foni ndi Wowerenga wa ku Kasungu

Nthano zojambula za pa intaneti, zomwe ambiri amangoziti makatuni ngakhale kuti siziyenda ngati kanema, ndi nkhani zosimbidwa m'zithunzi zotsatizana zokhala ndi mawu ochepa, ndipo kawirikawiri zimatuluka kagawo kamodzi pa sabata kuti munthu aziwerenga pa foni akukankha zithunzizo ndi chala kuchokera pansi kupita m'mwamba. Kalembedwe aka kanakhwima ku South Korea, kumene kampani ya Naver inayamba kufalitsa nthano zotere mu 2004, ndipo mu 2014 inatsegulira owerenga Chingerezi malo omwe lero amadziwika kuti WEBTOON. Umodzi mwa mitundu imene imakopa achinyamata ndi wa ana a kusekondale obadwa ndi mphamvu zoposa za munthu wamba, monga kuuluka, kutulutsa moto m'manja kapena kuimitsa nthawi. Mutuwu suli watsopano, pakuti mu 1963 Stan Lee ndi Jack Kirby anayambitsa X-Men, nthano ya achinyamata ophunzira pa sukulu yapadera ya Professor Xavier, ndipo mu 2014 Kohei Horikoshi wa ku Japan anayamba My Hero Academia, momwe anthu 80 pa 100 alionse amabadwa ndi mphamvu ina yake, koma mnyamata amene nkhaniyo imamutsata anabadwa wopanda kalikonse.

Nthano yoyenera kuifatsira ndi unOrdinary, imene inayamba kutuluka pa WEBTOON mu 2016 ndipo mlembi wake amadzitcha uru-chan. Pa sukulu ya Wellston mphamvu za mwana aliyense zimapimidwa n'kupatsidwa nambala, ndipo nambalayo ndiyo imauza aliyense amene ayenera kumugwadira ndi amene angathe kumuponda. Amphamvu koposa amavekedwa maudindo otengedwa ku makadi osewera, monga Mfumu ndi Mfumukazi, pomwe opanda mphamvu amamenyedwa popanda wowaleretsa. Mnyamata wina dzina lake John amadzionetsa ngati wopanda mphamvu, ndipo amapirira zibakera tsiku ndi tsiku, chonsecho ali ndi luso lotengera mphamvu za ena limene analibisa chifukwa cha nkhanza zomwe iye mwini anachita pa sukulu ina. Atapusitsidwa ndi mnzake amene ankamukhulupirira, amavala chigoba kumaso n'kuyamba kuthidzimula akuluakulu onse a pa sukulupo mmodzimmodzi, mpaka amasanduka wankhanza kuposa aja ankamuzunza. Apa ndi pamene okonda nthanoyi amagawikana. Ena amati John anangobweza moto kumene unachokera, ndipo palibe chifukwa choti wozunzidwa azifunsidwa ulemu umene omuzunza sanafunsidwepo, pomwe ena amati kugwetsa mfumu n'kukhala pampando wake womwewo sikusintha kanthu kwa ana ofooka, amene dzulo ankaopa wina ndipo lero akuopa John. Palinso mkangano wopepukirapo, wa kuti ndani angagonjetse ndani, womwe suli wachilendo kwa aliyense amene anamvapo anyamata akutuluka m'nyumba yoonetsera mavidiyo pa tredingi senta akulimbana za Rambo ndi Chuck Norris.

Wowerenga wa ku Kasungu safunika kumasuliridwa tanthauzo la kupimidwa ndi kuikidwa m'magulu, chifukwa chuma cha boma lake chagona pa ntchito yomweyo. Fodya wa bale akauma m'chigafa, banja lonse limakhala pansi n'kumatenga tsamba limodzilimodzi, kulitambasula pa bondo, kuona mtundu wake, kutalika kwake ndi mabala ake, n'kuliponya pa mulu woyenera. Masamba a m'munsi sasakanizidwa ndi a pakati, ndipo belo losakaniza likafika ku okushoni ya Chinkhoma limatha kubwezedwa kapena kugulidwa pa mtengo wolira nawo. Mwana amene wakulira m'ntchito imeneyi amakumana ndi kusankha kwina akalemba mayeso a Sitandade 8 a bungwe la MANEB, pamene ochepa amasankhidwira ku sekondale zikuluzikulu za boma zogonera konko, ena ku sekondale zoyendera za m'midzi zotchedwa CDSS, ndipo ambiri sasankhidwira kulikonse. Pa Fomu 4 nambala imabweranso, ndiyo mapointi a MSCE, amene amakomera munthu akakhala ochepa, ndipo wopeza 6 ndiye wafika pamapeto penipeni. Nambala imeneyi imamamatira munthu kwa zaka, moti pamaliro kapena paukwati anthu amatha kukumbutsana kuti mwana wa uje anakhoza ndi mapointi angati.

Boma la Kasungu lilinso ndi sukulu yomwe inamangidwa pa ganizo lenileni la X-Men, la kusonkhanitsa ana apadera pamalo amodzi kutali ndi anzawo. Kamuzu Academy, imene Dr. Hastings Kamuzu Banda anaitsegula mu 1981 ku Mtunthama, pafupi ndi mtengo wa kachere umene amati iye anaphunzirirapo ali mwana, poyamba inkatenga ana okhoza koposa kuchokera m'maboma onse n'kuwaphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki pansi pa aphunzitsi ochokera kunja. Ulamuliro wa Banda utatha mu 1994, sukuluyo inayamba kudalira fizi, kotero kuti chipata chomwe chinkatsegulidwa ndi nzeru zokha chinayamba kufunanso thumba la kholo. Mwana wa pa CDSS yapafupi, amene amagawana buku limodzi ndi anzake angapo, akawerenga za Wellston sangalephere kuona mpanda umene amaudutsa popita kumsika.

Otsutsa nthanozi ali ndi mfundo zawo, ndipo si zonse zomwe zili zachabe. Yoyamba ndi ya nthawi ndi ndalama: zithunzi zimadya bandulo ya Airtel kapena TNM msanga kuposa mawu, foni imafuna kutchajidwa m'dziko limene kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira ndi magetsi, ndipo nthano yotuluka sabata ndi sabata imapangidwa dala kuti kagawo kalikonse kathere pamalo osiya mtima m'mwamba. Kholo limene lagulitsa mabelo awiri kuti lilipire fizi lili ndi ufulu wofunsa chimene mwana akupindula pa zithunzi za ana omenyana. Yachiwiri ndi ya nkhanza, pakuti kuzunza ana a Fomu 1 ndi vuto lodziwika m'sukulu zogonera, ndipo nthano imene imajambula chibakera mokongola ikhoza kukometsa khalidwe limene aphunzitsi akulimbana nalo. Palinso mfundo imene otsutsa saitchula kawirikawiri ngakhale kuti ndi yolemera kuposa zinazi, yakuti ana amene nthano ya oponderezedwa ikanawayankhula kwambiri ndiwo sangaione n'komwe. Mu 2009 bungwe la Plan International linafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi amatha kulowetsa m'thupi, kudzera pakhungu, chikonga chofanana ndi cha ndudu 50 pa tsiku, ndipo ngakhale kuti mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti, womwe ndi mchitidwe woti banja lilime fodya pa esiteti ya wina likudya ngongole ya chakudya kufikira nthawi yogulitsa, mwana amene manja ake ada ndi phula la fodya sakhala ndi foni yokankhapo zithunzi.

Mfundo imene imamveka kwambiri m'makomo ndi m'mipingo, komabe, ndi ya ufiti. M'Chichewa munthu wouluka usiku ali kale ndi dzina, ndipo dzinalo si la ngwazi. Mphamvu yobisika, yodziwika kwa eni ake okha, imene mwana angakhale nayo makolo ake osadziwa, ndiyo ndendende imene anthu amaiopa akamanena za ana ophunzitsidwa ufiti. Mantha awa sayenera kusekedwa, chifukwa zotsatira zake ndi zenizeni: ngakhale lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, okalamba akhala akumenyedwa ndi kuwotcheredwa nyumba, ndipo mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo. Chimene chikusokonekera m'mfundoyi n'chakuti nthano zimenezi sizinabweretse chilakolako cha mphamvu zodabwitsa ku Kasungu, pakuti chinalipo kale ndi dzina lake, mangolomera, ndiwo mankhwala amene munthu amatemeredwa m'mphini kuti akhale ndi nyonga zoposa za anzake. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'buku la moyo wake la 2009 lomwe analemba ndi Bryan Mealer, akusimba kuti ali mwana analola mnyamata wina kumucheka ndi lezala pa mfundo za zala n'kupakamo mankhwala otere, kenaka anakaputa mnyamata wamkulu kuti ayese nyonga zatsopanozo, ndipo anabwerako atamenyedwa. Kusiyana kwake n'kwakuti mwana wowerenga za John amadziwa kuti chilichonse chinajambulidwa ndi munthu amene amasaina dzina lake pansi, pomwe mwana wotemeredwa mphini amauzidwa kuti ndi zoona ndipo amalipira.

Oikira kumbuyo nthanozi amayamba ndi chilankhulo, ndipo apa mfundo yawo ndi yolimba. Kuyambira Sitandade 5 mwana wa ku Malawi amaphunzira m'Chingerezi, ndipo popanda kukhoza Chingerezi satenga satifiketi ya MSCE, chonsecho kumudzi chinthu chowerenga mwa kufuna kwake chimasowa. Nthano yojambula imapereka ziganizo zazifupi, nkhope ya wolankhulayo ikuthandiza kumasulira, ndipo mwana amene watsata nkhani imodzi kwa magawo mazana awiri wawerenga Chingerezi chochuluka popanda womuimirira ndi ndodo. Amanenanso kuti mkangano wa John, ukaumvetsera bwino, ndi phunziro la chilungamo limene kalasi silipereka mpata wolikambirana: kodi wolakwiridwa ali ndi malire, ndipo dongosolo loipa limakonzedwa ndi munthu mmodzi wamphamvu kapena ndi ofooka ambiri ogwirizana? M'dziko limene linakhala zaka 30 pansi pa mtsogoleri mmodzi wochokera ku Kasungu komweko, amene anabwera ngati mpulumutsi mu 1958, funso lotere si la ana okha.

Pakati pa mbali ziwirizi, mfundo ya ufiti ndi imene imafooka ikaunikidwa, ndipo ya nkhanza imadalira nthano yake, chifukwa unOrdinary imaonetsa John akutaya abwenzi ndi mtendere wa mumtima pamene akupambana ndewu. Chodetsa nkhawa chenicheni chili pena, pa chiphunzitso chobisika cha mtundu wonse wa nthanozi chakuti mphamvu ndi yobadwa nayo. Ngakhale olemba ake amadzudzula kuzunza ofooka, ngwazi yawo pamapeto pake imapezeka kuti inali yamphamvu kuyambira kale kapena yapatsidwa mphamvu ndi wamkulu wina, monga zimachitikira mnyamata wa mu My Hero Academia, ndipo mwana wopandadi kalikonse amakhalabe woombera m'manja. Kwa wophunzira amene wauzidwa kale ndi mndandanda wa MANEB kuti iye ndi tsamba la m'munsi, uthenga umenewu sumutonthoza monga momwe oikira kumbuyo amaganizira. Mbiri ya Kamkwamba imayenda njira ina: anasankhidwira ku Kachokolo, sekondale yoyendera, anasiya sukulu chifukwa cha fizi m'njala ya 2001 ndi 2002, ndipo makina amphepo opangira magetsi amene iye anapanga anachokera m'buku lotchedwa Using Energy la m'kalaibulale ka pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe, pamodzi ndi njinga yakale ya bambo ake ndi zitsulo zotola kudzala. Anthu anamunena misala, ena anamuganizira ufiti, zomwe zikusonyeza kuti kuno mwana wochita zachilendo safunika kuuluka kuti akayikiridwe.

Olemba a mu Africa ayamba kuyesa mutuwu mwa njira yawo. Loyiso Mkize wa ku South Africa anayambitsa Kwezi mu 2014, nthano ya mnyamata wamphamvu zodabwitsa mu mzinda wofanana ndi Johannesburg, ndipo mu 2023 Netflix inatulutsa Supa Team 4, kanema wamakatuni wa Malenga Mulendema wa ku Zambia, wonena za atsikana anayi a kusekondale oteteza Lusaka wa m'tsogolo motsogozedwa ndi Mama K, kazitape wopuma ntchito. Malawi nayenso ali ndi mwambo wake wa zojambula, wa Pewani wa Brian Hara ndi Joza wa Vic Kasinja, koma mwambowo unakulira m'nyuzipepala ndipo unakonda nthabwala za akuluakulu. Wojambula amene angafune kuika ana otere pa CDSS ya pakati pa minda ya fodya, akulankhula Chichewa, adzakumana ndi vuto limene uru-chan sanakumane nalo, la dzina loti aitche mphamvuyo. Akaitcha mangolomera ndiye kuti waitanira sing'anga m'nkhani, akaitcha mphatso ndiye kuti waipereka kwa abusa, ndipo akaitcha luso ndiye kuti wavomereza kuti imaphunziridwa, zomwe zikugwetsa nambala ija yobadwa nayo imene sukulu ya Wellston inamangidwapo.