Kiyi wa rimoti sabisidwa pa tayala

A Mkonzi,

Ndiloleni kudzera m'nyuzipepala yanu ndiyankhule ndi eni magalimoto amene amabwera kuno ku mapiri a Dedza, ena kudzaona malo, ena kudzapemphera kuphiri, enanso kumaliro ndi kuminda ya mbatata ya kachewere. Nkhani yanga ndi ya magalimoto a masiku ano osalowetsa kiyi, aja olizidwa pongodina batani rimoti ili m'thumba. Magalimoto otere achuluka pakati pa aja ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, amene ana athu amakatenga ku Dar es Salaam n'kulowa nawo pa Songwe. Galimoto yasintha, koma kasungidwe kathu ka kiyi n'kakale komwe kaja.

Mu July 2024 mkamwini wanga anabwera ndi anzake atatu kuchokera ku Lilongwe kudzaona zojambula za makolo za m'mapanga a Chongoni, malo amene bungwe la UNESCO linawavomereza mu 2006 kukhala chuma cha dziko lonse lapansi. Ine ndinawaperekeza ku Mphunzi. Tisanayambe kukwera, mkamwiniyo anakiya galimoto n'kubisa rimoti pamwamba pa tayala lakutsogolo, ati wotopa msanga atsike akapume m'galimoto. Pobwerera tinapeza chikwama cha foni ziwiri ndi ndalama palibe. Galasi silinasweke ndipo loko sanathyoledwe. Mkamwini anayamba kunena zamankhwala, koma makaniko wina pa boma anatimasulira zonse, ndipo ndi zimenezo ndafuna kugawana ndi owerenga anzanga.

Kiyi wakale anali chitsulo chosayankhula. Ukamubisa pansi pa mwala, wakuba ankayenera kumupeza kaye. Rimoti ndi kawailesi kakang'ono kamene kamayankhulana ndi galimoto. Munthu akagwira chogwirira cha chitseko, galimoto imafufuza ngati rimoti ili pafupi, pa mtunda wa mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Ikaimva imatsegula, osafunsa kuti wagwirayo ndani. Choncho amene anatiberawo sanafunike luso lililonse, anangokoka chitseko. Mwayi wathu unali woti injini siilira pokhapokha rimoti ili m'kati mwa galimoto. Akanati asuzumire pa tayala paja, bwenzi tikunena za galimoto yonse.

Ena amati bola kuisiya m'kati, pansi pa mpando. Kumeneko ndiye kupereka mbuzi kwa fisi. Magalimoto ambiri amakana kukiya zitseko rimoti ikakhala m'kati, ndipo aliyense wolowa akhoza kuponda buleki, kudina batani n'kunyamuka. Tisaiwale kuti kuno tili m'malire. Pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire athu ndi Mozambique, ndipo njira zachidule n'zosawerengeka.

Vuto lina ndimaliona pamaliro. Mwini galimoto amailiza, n'kupatsa mnyamata kuti akatenge anamfedwa kapena nkhuni, iye n'kubwerera pamaliro rimoti ili m'thumba mwake. Galimoto yotere imangochenjeza ndi kabelu koma imapitabe. Mnyamatayo akakaizimitsa ku Linthipe, siidzaliranso mpaka rimoti itamutsatira pa kabaza.

Kumaiko a anzathu akuba anafika patali. Amayenda awiri ndi timakina tokweza mphamvu ya rimoti. Wina amaima pafupi ndi mwini galimoto kapena pakhomo la nyumba yake, mnzake pafupi ndi galimoto, ndipo galimotoyo imanamizidwa kuti rimoti yafika. Bungwe la oyendetsa magalimoto la ku Germany, ADAC, lakhala likuyesa njira imeneyi kuyambira mu 2016 pa mitundu mazanamazana ya magalimoto, ndipo ambiri anatseguka n'kulira. Chakudza sichiimba ng'oma. Njira imene galimotozi zinadzera, timakinato tingathenso kudzera momwemo.

Wina anganene kuti ndikukuza nkhani yaing'ono. Koma taganizani, a Mkonzi. Magalimoto ambiri a ku Japan amafika ndi rimoti imodzi yokha. Ikatayika m'thengo, simungakasulitse ina pamsika monga tinkachitira ndi kiyi wa loko. Pamafunika kugula ina ndi kupeza mmisiri wa kompyuta woti aigwirizanitse ndi galimotoyo, ndipo amisiri otere ambiri ali ku Lilongwe, makilomita oposa 80 kuchokera pa boma la Dedza. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo. Kwa mabanja ambiri galimoto ndi ngongole ya kubanki kapena thukuta la mwana amene ali ku Joni. Ndi yomweyonso imathamangira ndi wodwala kuchipatala usiku.

Malangizo anga ndi awa. Rimoti iziyenda ndi mwini wake, m'thumba la zipi kapena pa chingwe cha m'khosi, ndipo nyengo ya mvula muziikulunga m'kajumbo. Mukakiya, kokani chitseko kuti mutsimikize. Katundu wooneka pagalasi musasiye. Ngati gulu ligawikana, rimoti aisunge munthu mmodzi wodziwika, ndipo wotopa adikire pamthunzi. Kunyumba ndi pamalo odzaza anthu muziiika m'kachitini kotseka bwino kapena kuikulunga m'pepala la aluminiyamu. Yesani kaye: imani pachitseko ndi kachitiniko n'kukoka, ikatseguka ndiye kuti kachitiniko n'kopanda ntchito. Chitsulo chokhomera chiwongolero chija tinachinyoza, koma mpaka lero chimagwetsa ulesi wakuba.

Dziwaninso kuti kuzizira kwa June ndi July kuno kumafoola kabatire ka m'rimoti, kaja kozungulira ngati ndalama yachitsulo. Yendani ndi kena kapadera. Kakatha muli kuphiri musaswe galasi. M'kati mwa rimoti muli kakiyi kachitsulo kotsegulira chitseko cha dalaivala, ndipo m'magalimoto ambiri, monga a Toyota, mukagunditsa rimoti pa batani muli chipondere buleki, injini imalira.

Ndikupempha ogulitsa magalimoto ndi masukulu ophunzitsa kuyendetsa kuti azifotokozera anthu zimenezi m'Chichewa, pakuti mabuku a magalimotowa amabwera m'Chijapani. Mafumu ndi akuluakulu a mipingo azisankha achitetezo cha m'mudzi oyang'anira magalimoto pamaliro ndi pamapemphero a kuphiri. Alendo akamaberedwa kuno asiya kubwera, ndipo ovutika adzakhala ana athu omwe amene amawaperekeza kumapanga ndi amayi ogulitsa mbatata m'mbali mwa msewu.

Pa zaka zanga za uhedi, kiyi wa ofesi ndinkagona naye m'khosi nthawi ya mayeso a Sitandade 8, ndipo sindinachitepo naye manyazi. Mkamwini wanga naye tsopano anagula chingwe.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Dedza.