Chenjezo kwa Anthu a ku Maravia: Bolodi la Magetsi Lisagone pa Chitsulo

Makolo, aphunzitsi, amisiri okonza mafoni ndi mawailesi, eni malo otchajitsira mafoni, asodzi a kapenta, ndi aliyense amene ali ndi sola pakhomo ku Fingoé, Chiputo, Malowera, Chipera ndi midzi yonse ya Maravia: sabata ino isathe musanayang'ane m'kati mwa bokosi limene muli zipangizo za magetsi anu, makamaka ngati linapangidwa kapena kukonzedwa ndi manja kuno kwathu. Zimitsani inveta, chotsani waya wa sola, kenako wa batire, ndipo mmisiri alitsegule inu mukuona. Chofuna kuona ndi chimodzi: bolodi lobiriwira lija, lokhala ndi tizipangizo tambirimbiri, laima pa timizati kapena langogona pa lata, pa chitsulo kapena pa thabwa? Ngati lagona, musalumikizenso mpaka litakwezedwa.

Mukatembenuza bolodi lililonse, la inveta, la kontorola ya sola, la ampulifaya kapena la tchaja, kunsi kwake mupeza tinsonga ta mtovu ndi timiyendo ta waya totuluka milimita imodzi kapena ziwiri. Kansonga kalikonse kali ndi njira yake ya magetsi, ndipo wopanga bolodilo anatitalikitsa dala kuti tisakhudzane. Mukaligoneka pa chitsulo, chitsulocho chimatilumikiza tonse nthawi imodzi. Imeneyo ndiyo shoti. Nchifukwa chake m'makona a bolodi mumakhala timabowo: ndi moloweramo timabawuti tomangirira bolodi pa timizati ta pulasitiki yolimba kapena ta bulasi, kuti pansi pake patsale mpata. Nkhokwe sitiikhazika pa dothi, timaikweza pa miyala kapena pa mafoloko kuti chinyezi ndi chiswe zisafike ku chimanga. Bolodi nalonso limafuna miyendo yake.

Chimene chimanyenga anthu ambiri ndi chakuti batire la 12V siligwira munthu. Mwana akhoza kukhudza mitu yake yonse iwiri osamva kanthu, ndiye timaliyesa lofatsa. Koma batire lomwelo, la 100Ah ngati amene ambiri amagula, likapeza njira yachidule limatulutsa maampeya mazanamazana m'kamphindi. Waya amafiira ngati khala, pulasitiki yomukuta imasungunuka nkuyaka, ndipo ngati bokosilo lili pakhoma pafupi ndi denga la udzu, kapena pansi pa bedi pomwe pali mphasa, neti ndi zovala, moto umafika pamwamba munthu asanapeze machesi oti aonere chimene chikununkha. Inveta ndiye ina: mbali yake yotulutsa magetsi ili ndi 220V, ofanana ndi a EDM. Mbali imeneyo ikakhudza bokosi lachitsulo, bokosi lonse limasanduka waya wamoyo, ndipo wolikhudza ali chosavala nsapato pa simenti yonyowa akhoza kufera pomwepo.

Ndikulemba izi tsopano chifukwa nyengo yake ndi ino. Ndalama za fodya ndi za chimanga zikalowa, mabanja ambiri amagula sola, batire, TV ndi masipika, ndipo anyamata odziwa za magetsi amakhala pa kalikiliki kulumikiza. Kenako kumabwera Okutobala ndi Novembala, pamene kumunsi kwa Zambezi ndi m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo udzu wa padenga umauma gwa. Mvula ikayamba, vuto limangosintha nkhope: thabwa limene linali louma limamwa chinyezi, fumbi la m'bokosi limasanduka matope opyapyala, ndipo 220V imayamba kukwawa pomwe kale sinkadutsa. Damu la ku Songo, lomwe linatha kumangidwa mu 1974, lili ndi mphamvu yotulutsa mamegawati 2,075, koma gawo lalikulu limapita ku South Africa, ndipo ngakhale boma linakhazikitsa pologalamu ya Energia para Todos mu 2018 ndi cholinga chofikira aliyense pofika 2030, midzi yambiri yakutali ndi Fingoé idzadalirabe sola kwa zaka zikubwerazi. Magetsi a m'nyumba zathu tikudziikira tokha, popanda woyendera wobwera kudzaona ngati zili bwino.

Amisiri anzanga, ndikudziwa kuti ambiri simugoneka bolodi pa chitsulo chosaphimba. Mumayala katoni, chidutswa cha thumba, tepi wakuda, kapena kumata ndi guluu wotenthetsa. Tsiku lopereka katundu zonse zimayaka bwino, kasitomala nkulipira. Vuto limabwera pakapita miyezi. Tinsonga ta mtovu tija ndi takuthwa, ndipo bokosi likamagwedezeka pa njinga yamoto m'misewu yathu ya mabampu, kapena m'boti la asodzi usiku uliwonse, timaboola katoniyo pang'onopang'ono. Katoni amamwanso chinyezi, mphemvu zimamudya, ndipo iye mwini ndi nkhuni. Tepi amamatuka kukatentha. Guluu wotenthetsa uja amafewa bokosi likatentha, bolodi nkutsetsereka kukagunda khoma la lata. Palinso china: bolodi lomatidwa pansi silipuma. Mpata wa pansi pake ndi modutsa mphepo yoziziritsa, ndipo chipangizo chosapuma chimapsa msanga ngakhale shoti isanachitike. Kasitomala akabweza inveta yopsa, ndalama yomwe munapulumutsa posagula timizati tinayi siifika ngakhale pa mtengo wa transistor imodzi, ndipo dzina lanu pamsika ndi limene limawonongeka.

Tsono pogula timizati. M'masitolo a zamagetsi mu mzinda wa Tete mufunse espaçadores. Kwa amene mumaolokera ku Katete, Petauke kapena Chipata, kumeneko amati spacer kapena standoff. Saizi yofala kwambiri ndi M3, kutanthauza bawuti wa mamilimita 3, ndipo ndi amene amalowa m'mabolodi ambiri a mainveta, matchaja ndi Arduino. Raspberry Pi ili ndi mabowo ang'onoang'ono, imafuna M2.5; mukakakamiza M3 mudzang'amba bolodi. Musagule pa maso: tengani bolodilo kusitolo, kapena lijambuleni pa pepala ndi mabowo ake. Pa kutalika, kamzati ka mamilimita 6 mpaka 10 ndi kokwanira pa ntchito zambiri, ndipo pamene pali 220V sankhani kotalikirapo. Mugule ndi timabawuti take, manati ndi mawashala, ndipo bowo lililonse la m'kona lilandire kamzati kake. Bolodi loima pa miyendo iwiri limapinda mukamalowetsa pulagi, ndipo pakati pake pamakagunda pansi.

Totsika mtengo sitoipa tonse ayi, koma pali zoti muyese musanapereke ndalama. Tengani maginito, ngakhale ya sipika yakufa. Bulasi weniweni sakokedwa ndi maginito. Kamzati konyezimira ngati golide kakamata ku maginito, dziwani kuti ndi chitsulo chongopakidwa, ndipo kufupi ndi nthunzi ya asidi wa batire kapena chinyezi cha kunyanja kadzachita dzimbiri nkumamatirana ndi bawuti. Lowetsani bawuti ndi zala zokha: ayende mosavuta mpaka kumapeto, osalimba pakati, osagwedera. Ta pulasitiki tabwino ndi ta nayiloni, timene timapirira kutentha ndipo sitithetheka. Kanikizani kamodzi ndi pulayala, kakasweka ngati galasi musagule paketiyo. Nayiloni musaimange mwamphamvu ngati nati wa njinga, mazinga ake amatha, ndipo musaisiye padzuwa miyezi chifukwa imafumbutuka. Paketi yosakaniza masaizi imatuluka motchipa kuposa kugula kamodzikamodzi, ndiye amisiri a pamsika umodzi sonkhani pa M-Pesa kapena e-Mola, mmodzi akagulire nonse.

Funso limene ambiri amalakwitsa ndi lakuti: tachitsulo kapena tapulasitiki? Yang'anani bowolo. Ngati lazunguliridwa ndi mphete yonyezimira, kawirikawiri wopanga anafuna kuti bolodi lilumikizane ndi bokosi kudzera pa kamzati kachitsulo, ndipo mukamakonza chipangizo chotero mubwezeretse monga munachipezera. Ngati bowo lilibe mphete, ndipo tinjira ta mkuwa tadutsa pafupi, mutu wa bawuti wachitsulo ukhoza kutikhudza. Pamenepo ikani nayiloni, kapena washala wapulasitiki pansi pa mutuwo. Okonza makompyuta akudziwa kuti kamzati kamodzi ka bulasi kotsala pamalo opanda bowo, kobisika kunsi, kamatha kupha bolodi lonse la kompyuta. Werengani timizati, werengani mabowo, zifanane.

Amene ali kutali ndi sitolo asanene kuti palibe chochita. Bokosi la kompyuta yakufa, DVD, dikoda kapena ampulifaya yotayidwa muli timizati tabwino kuposa tambiri togulitsidwa, ndipo ndi taulere. Mungotenga ndi timabawuti take tomwe, chifukwa makompyuta ambiri amagwiritsa mazinga a mtundu wa ku America otchedwa 6-32, amene sagwirizana ndi M3 ngakhale amaoneka ofanana. Pa ntchito yaing'ono ya 5V, ngati kagalimoto ka mwana wa sukulu, chikopa cha bolopeni chodulidwa tizidutswa tofanana chimathandiza, bawuti nkudutsa pakati. Koma bolopeni musaiike mu inveta kapena pafupi ndi chitsulo choziziritsira bolodi, imafewa. Timitengo, misomali yopinda ndi zitsekerero za mabotolo zachitsulo, ayi ndithu.

Aphunzitsi ndi makolo a ana okonda kusokoneza mawailesi, ana amenewa musawaletse. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anali ndi zaka pafupifupi 14 pamene anapanga makina a mphepo otulutsa magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa, ndipo ataona kuti mawaya ake akhoza kuwotcha nyumba, anapanganso chodulira magetsi chake ndi misomali, waya ndi maginito. Mbali yachiwiriyo ndi imene tiyenera kuphunzitsa pamodzi ndi yoyambayo. Lero wophunzira akhoza kupeza Arduino, yomwe inayambira ku Ivrea ku Italy mu 2005, nkupanga roboti yoyenda kapena chothirira dimba chodziyatsa chokha. Ngozi yake yaikulu ili pa mabatire ozungulira a 18650 amene ana amachotsa m'malaputopu akufa ndi m'mapawabanki. Batire lotero likabooledwa ndi bawuti wotalika kwambiri, kapena chikopa chake chapulasitiki chikang'ambika nkukhudza chitsulo, limatentha lokha, kutulutsa utsi woipa ndi malawi, ndipo silizima msanga. Musanamange roboti, onani kumene nsonga ya bawuti aliyense ikuthera. Batire likhale m'chosungira chake, osati kulimanga ndi mphira pansi pa bolodi. Lotupa, lobonyoka kapena long'ambika chikopa lisalowe m'kalasi kapena m'chipinda chogona. Pa Arduino Uno pali bowo loyandikana kwambiri ndi timapini, choncho pa ntchito za ana nayiloni ndiyo yabwino. Ndipo timabawuti timeneti tisamwazike pa mphasa pomwe pakukwawa khanda. Timalowa m'kamwa mosavuta.

Timizati tokha sitikwanira ngati palibe fiyuzi. Pa waya wofiira, pafupi penipeni ndi mutu wa batire, pakhale fiyuzi yogwirizana ndi kukula kwa wayayo. Ya galimoto kapena ya njinga yamoto imagwira ntchito pa zinthu zing'onozing'ono, inveta imafuna yaikulu monga alembera pa buku lake. Fiyuzi ikapsa, yachita ntchito yake ndipo ikukuuzani kuti penapake pali vuto. Kuikapo waya, msomali kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu ndi kuchotsa mlonda yekhayo amene anatsala. Batire la asidi nalonso lisatsekeredwe m'bokosi limodzi ndi bolodi: likamatchaja limatulutsa mpweya wa hydrogen, umene ukangofika magawo 4 pa 100 aliwonse a mpweya umaphulika ndi kamoto kakang'ono ka shoti. Likhale pansi, pamalo odutsa mphepo, kutali ndi mbaula ndi kandulo. Mabowo a mphepo a bokosi la bolodi muwatchinge ndi sefa, chifukwa buluzi ndi nyerere zimakonda kufunda m'menemo ndipo thupi lawo limalumikiza magetsi. Ndipo inu amene si amisiri, musapise chala mu inveta ngakhale yazimitsidwa. Makapasita ake amasunga mphamvu kwa kanthawi.

Mukamagula bokosi lotchajira mafoni, ampulifaya kapena inveta yokonzedwanso pamsika, muli ndi ufulu wonena kuti, "Amisiri, tatsegulani ndione m'katimo." Ligwedezeni pafupi ndi khutu: mukamva chogubuduka, kapena bawuti wotayika akuyendayenda, lisiyeni. Mmisiri wodziwa ntchito sakwiya ndi pempho lotero. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, lengezani izi pamisonkhano, chifukwa masipika a m'matchalitchi ndi a pamaukwati ambiri ali m'mabokosi otere.

Mukamva fungo la pulasitiki yopsa, kulira kwa thethethe m'bokosi, kapena bokosi lachitsulo likakunyerenyetsani mukalikhudza, musadikire kuti kuche. Tulutsani ana panja. Zimitsani inveta ndi kuchotsa waya wa batire, woyamba wakuda, mutagwira ndi nsalu youma yochindikala chifukwa akhoza kukhala wotentha. Moto ukayamba magetsi asanadulidwe, thirani mchenga kapena dothi, osati madzi. Batire la 18650 likayamba kufuka, likankhireni panja ndi fosholo kapena khasu, kutali ndi udzu, ndipo musapume utsi wake. Asidi akagwera pakhungu kapena m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenako pitani kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo.