Lekani kuomba m'manja, ana aja anapulumutsana okha

Nkhondo itabuka ku Ukraine pa 24 February 2022, m'dzikomo munali ophunzira a ku Africa pafupifupi 16,000, ambiri akuchita zaudokotala. Makolo ena anachita kugulitsa munda kapena kukongola kubanki kuti mwana akatenge digiri. Sabata isanathe, ana omwewo anali pasiteshoni ya sitima ku Lviv ndi pamalire olowera ku Poland cha ku Medyka, akukankhidwira kumapeto kwa mzere chifukwa cha khungu lawo. Mzungu akwere, wakuda adikire panja, m'chisanu cholowa m'mafupa.

Anawachotsa kumeneko ndi anzawo. Korrine Sky, wobadwira ku Zimbabwe, amene ankaphunzira zaudokotala ku Dnipro, anasonkhanitsa ophunzira pa Telegram iye mwini ali pamsewu kuthawira ku Romania. M'magulu otere munkadutsa nkhani zopulumutsa moyo: chipata chakuti akubweza akuda, yesani cha ku Hungary; galimoto yakuti ili ndi malo awiri; uje ndalama zamuthera, sonkhani. Ku Sumy, kufupi ndi malire a Russia, mazana a ophunzira a ku Nigeria, India ndi maiko ena anatsekeredwa pafupifupi masabata awiri. Ankabisala m'zipinda zapansi pa mahostelo, ndipo mipopi itauma ankatapa chipale chofewa panja n'kuchisungunula kuti amwe. Palibe anafunsa mnzake za mtundu kapena chipembedzo asanamupatsire botolo. Anatuluka pa 8 March, pa mabasi opita ku Poltava.

Nkhani imeneyi timaikonda chifukwa imatifewetsa mtima. Ine imandipsetsa mtima. Mwana wa zaka 20 akamagwira ntchito ya kazembe, foni ili pafupi kuzima, ndiye kuti kazembe weniweniyo ali kuti? Bungwe la African Union linatulutsa chikalata pa 28 February chodzudzula tsankholo. Chabwino, koma chikalata sichikweza munthu basi. Maboma ena, monga a Nigeria ndi Ghana, anakonzadi ndege, ndipo sindiwamana ulemu wawo. Kungoti ndegezo zinkadikira kutsidya, ku Poland, Romania ndi Hungary, kutenga okhawo amene anali atadziolotsa kale. Gawo loopsa la ulendo analiyenda ana paokha.

Ndiye makamera atachoka? Pa 4 March 2022 maiko a European Union anapatsa nzika za Ukraine chilolezo chokhala, kugwira ntchito ndi kuphunzira. Wophunzira wa ku Africa, amene anathawa bomba lomwelo ndi kugona pa simenti imodzimodziyo, m'maiko ambiri anangopatsidwa kanthawi kochepa kenako n'kuuzidwa kuti azipita kwawo. Kwawokonso sikunamulandire ndi manja awiri. Bungwe loyang'anira madokotala ku Nigeria linalengeza chaka chomwecho kuti silivomereza maphunziro a udokotala ochitira pa intaneti ku Ukraine. Munthu wotsala ndi chaka chimodzi kuti avale chovala choyera anapezeka ali pakhonde kwa mayi ake, opanda satifiketi, ngongole ili phwii.

Wina anganene kuti nkhondoyo inabwera modzidzimutsa. Nanga ku Sudan? Mu April 2023 mfuti zitayamba kulira mu Khartoum, ophunzira ochokera m'maiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo a pa International University of Africa, anatsekeredwanso m'mahostelo. A ku Nigeria anakhala masiku angapo m'chipululu pamalire a Egypt, mapepala owaolotsera asanalongosoke. Panali patadutsa chaka chathunthu chophunzirirapo, koma zinali zomwezija: ana kugawana madzi, akuluakulu kugawana zifukwa.

Boma lililonse lotumiza ana kunja, kaya ndi la ku Lilongwe kapena Lusaka, likhale ndi maina awo, manambala awo, ndi thumba la ndalama zolipirira basi tsiku lomwe mfuti yayamba kulira. Mayunivesite athu nawonso akonzeretu njira yolandirira wothawa nkhondo m'chaka chomwe analekezera, osati kumubweza ku chaka choyamba ngati kuti bombalo anaponya ndiye.