Nyimbo zimene Mangochi sakuloledwa kumva

Asisi, achemwali, ambiri a ife tinavinapo "We Dance Again" ya Black Coffee osafunsa kuti mawu okoma aja ndi a ndani. Woimbayo ndi Nakhane wa ku South Africa, ndipo nkhani yake ikutikhudza ife kuno kunyanja kuposa mmene tingaganizire.

Nakhane anabadwa mu 1988 ku Alice, m'chigawo cha Eastern Cape. Anakulira m'tchalitchi, ndipo kwa zaka zingapo ankapemphera kuti Mulungu amusinthe chifukwa mtima wake unkakonda amuna. Sizinasinthe. Anasiya kudzida, n'kuyamba kuika zonsezo m'nyimbo. Mu 2013 anatulutsa chimbale cha "Brave Confusion" kudzera ku kampani yoima payokha ya Just Music, ndipo chaka chotsatira chinapata mphoto ya SAMA. Mu 2015 analemba buku la "Piggy Boy's Blues". Analisindikiza ndani? BlackBird Books, kampani yomwe anayambitsa ndi mayi, Thabiso Mahlape. Mfundo imeneyo muisunge: khomo analitsegula ndi mzimayi.

Mu 2017 anasewera mufilimu ya "Inxeba", yokamba za chikondi cha amuna awiri pa chinamwali cha anyamata achixhosa, tingoti jando la kwawoko. Anthu anamuopseza kuti amupha. Filimuyo inaikidwa m'gulu la zolaula, koma khoti linathetsa chigamulocho mu 2018. Iye anasamukira ku London, ndipo chaka chomwecho anatulutsa chimbale cha "You Will Not Die".

Zonsezi zinachitika m'dziko lomwe malamulo ake aakulu, kuyambira 1996, amaletsa kusala munthu chifukwa cha amene amamukonda. Lamulo silinathetse chidani. Koma linapangitsa kuti situdiyo ijambule nyimbo zake, wosindikiza atenge buku lake, ndi khoti liteteze filimuyo, popanda wina kuopa kuti akuthandiza chigawenga.

Nanga kuno? Mangochi si malo achilendo ku luso. Lake of Stars inachitikira ku Nkopola mu 2014 ndi 2015, oimba a mayiko osiyanasiyana akusangalatsa anthu pamchenga. Koma ndi ku Mangochi komweku kumene khoti linagamula Jana Gonani, yemwe anabadwa ndi thupi lachimuna koma amakhala ngati mkazi, kuti akakhale kundende zaka 8 mu December 2021. Iye pamodzi ndi Jan Willem Akster anapempha khoti loona za malamulo aakulu kuti liunikenso malamulo oletsa kugonana kwa anthu ofanana ziwalo. Pa 28 June 2024 khotilo linakana pempholo, n'kunena kuti kusintha malamulowo ndi ntchito ya Nyumba ya Malamulo.

Ndipo ena mwa ife sitidziwa kuti pali gawo lolunjika kwa ife akazi. Gawo 137A la Penal Code, lomwe aphungu anavomereza mu 2010, limati mkazi wopezeka akuchita "zosayenera" ndi mkazi mnzake, ngakhale kuchipinda kwake, atha kumangidwa mpaka zaka 5.

Ndiye taganizirani mtsikana wa ku Monkey Bay kapena ku Malindi yemwe ali ndi gitala ndi kope lodzaza nyimbo. Aliyense amaimba za chikondi, eti? Koma iye akaimba chake mmene chilili, nyimboyo itha kusanduka umboni kupolisi. Akalemba buku, wosindikiza aziganiza kawiri. Ndiye amasintha mawu, amabisa dzina, kapena amangosiya basi. Luso lotere silifa chifukwa chosowa mphatso. Limafa ndi mantha.

Tikudziwa kuti ena mukuwerenga izi mtima ukuwawa. Tili ndi zikhulupiriro zathu, kumzikiti ndi kutchalitchi, ndipo tinaona zionetsero za atsogoleri a mipingo mu July 2023. Sitikuuza munthu kuti asiye chipembedzo chake. Funso lathu ndi limodzi: kodi chimene iwe sugwirizana nacho, chilango chake chikhale ndende?

Ife akazi tiyenera kukhala oyamba kulimva funso limeneli. Amayi athu ankaletsedwa ndi lamulo kuvala buluku mpaka m'zaka za m'ma 1990. Mu January 2012 mavenda ena anavula akazi m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre ati chifukwa cha chikhalidwe. Lamulo lolondera thupi la mkazi silisankha. Ukakana mwamuna, ukameta tsitsi, ukachita lendi ndi mnzako, wina atha kukunamizira, ndipo Gawo 137A limamupatsa ndodo.

Nazi zomwe tikupempha. Kwa aphungu athu: khoti lakuponyerani mpira, ndipo malamulo aakulu a dziko lino amalonjeza kusasalana m'Gawo 20, chinsinsi cha munthu m'Gawo 21 ndi ufulu wolankhula m'Gawo 35. Unikaninso Gawo 137A ndi anzake. Kwa okonza maphwando a nyimbo, a mawailesi ndi osindikiza mabuku: weruzani ntchito, osati mphekesera za woimba. Kwa inu oimba ndi olemba: lembetsani ntchito zanu ku COSOMA kuti phindu likhale lanu, ndipo ngati dzina lobisika ndi lomwe likutetezeni, palibe manyazi. Kwa ife tonse: tisamatumizirane zithunzi ndi mauthenga oulula anzathu m'magulu a WhatsApp. Kuseka kwa mphindi imodzi kutha kuchotsetsa munthu sukulu, ntchito, ngakhale pakhomo pa makolo ake.

Ndipo nyimbo ya mtsikana mnzathu ikatisangalatsa, tiigule, osangopempha kuti atitumizire ulere. Woimba wodziimira payekha amadya zomwe ife tamulipira.

Achemwali amene mukulemba mobisa, pitirizani kulemba. Makopewo musawotche.