Njira ya ku Joni Yafupika

Ana inu, tamverani. Kuchokera pa bwalo la ndege la Chileka kufikira ku Johannesburg, kumene titi ku Joni, pali mamailosi oposa 800. Ndege itha ulendo umenewu pa maora awiri ndi mphindi zochepa. Makolo athu, popita ku migodi, anayenda pansi masabata ambiri, naoloka Zambezi pa bwato, nagona m'thengo. Ena sanabwerenso, natchedwa matchona. Ndipo sitiwatsutsa, pakuti njira inali yaitali ndi yoopsa.

Koma lero munthu akadzuka ku Joni angathe kugona kwao usiku womwewo. Inde, mtengo wache ndi waukuru. Komatu maliro a amako sadikira. Chifukwa chache nditi, mukadzapita kutali, muzisunga ndalama yobwerera.