Penti wa pa geti asakwere pa bodi ya Peugeot

Eni galimoto zakale, za mtundu wa Peugeot 404 ndi 504, Datsun 120Y kapena Land Rover, ayamba kukopeka ndi penti amene tidamuzolowera pa mageti ndi pa zitsulo za m'mawindo. Ndikunena penti uja akauma amachita timaenje tonyezimira, ngati chitsulo chosulidwa ndi hamala. Wodziwika kwambiri ndi Hammerite, amene adayamba kupangidwa ku England mu 1962. Chimene chimakoka anthu n'chakuti amapakidwa pa chitsulo cha dzimbiri popanda kuyamba ndi penti wapansi.

Ine pentiyu ndimamulemekeza, koma ali ndi malo ake, ndipo bodi ya galimoto si malo akewo.

Timaenje tija sitibwera mwangozi. Mu penti wamtunduwu amathiramo silicone ndi tizidutswa ta aluminiyamu, ndiye pouma amachita makwinya amene amabisa zipsera za chitsulo. Pa geti zimenezi n'zabwino zedi. Pa chitseko cha 504, galimoto imene idapambana mphotho ya galimoto yabwino koposa ku Ulaya mu 1969, n'kuwononga. Choipitsitsa chimadza pambuyo pake. Tsiku limene mudzafune kubwezeretsa mtundu wake weniweni, silicone wotsalira amakana penti watsopano, amene amatuluka timabowo tozungulira. Mmisiri amayenera kupala zonse mpaka chitsulo chioneke mbee, ndipo ntchito imeneyo ndi yodula kuposa imene munkaithawa.

Kunsi kwa galimoto ndiye nkhani ina. Pa chassis, pa zitsulo zogwira bampala, pokhala batire pamene asidi amadya chitsulo, pansi pa buti pokhala tayala la sipeya, apo penti wolimba chotere angathandize. Eni Land Rover zakale amvetse bwino pano. Bodi ya galimoto zimenezi ndi ya aluminiyamu, motero munthu amaiona ili gwa, osadziwa kuti chassis ndi khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu, zimene ndi zachitsulo, zikudyeka mwakachetechete. Ku Britain mdani wamkulu ndi mchere umene amawaza m'misewu nyengo yozizira. Kuno kwathu ndi matope a dzinja amene amakakamira m'makona n'kusunga chinyezi mpaka mwezi wa May, komanso madzi olowera pa labala wakutha wa galasi n'kukabisala pansi pa kapeti.

Komabe ngakhale kunsiko, penti sapha dzimbiri. Amangolitsekera mpweya ndi madzi, ndipo amatero pokhapokha wagwira bwino. Dzimbiri lofundukuka liyenera kuchoka ndi bulashi ya waya ndi sandipepa. Girisi ndi oyilo zitsukidwe, chitsulo chiume. Kenako werengani pa chitini nthawi yoyenera kupakanso kachiwiri, chifukwa mukaiphonya penti amatha kukwinyika. Dziwaninso kuti akauma amakhala wouma gwa, ndiye miyala ya m'misewu yathu yafumbi imatha kumuswa. Madzi akalowa pa mng'alu umodzi, dzimbiri limayenda kunsi pamwamba pakuwala bwinobwino. N'chifukwa chake muyenera kumagwada n'kusuzumira mvula ikatha, ndipo mkati mwa chassis, mmene bulashi siingafike, mupoperemo sera wotetezera chitsulo.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi kuona pentiyu akugwiritsidwa ntchito kubisa matenda. Chassis yobooka imafuna kudulidwa ndi kuwotcherera chitsulo chatsopano, basi. Wopaka penti wokhuthala pamenepo kuti agulitse galimoto msanga akuika pachiswe moyo wa banja la mnzake, pakuti masipuling'i amagwira pa chitsulo chomwecho.

Choncho mukapita kukaona galimoto yakale yogulitsa, n'kupeza kunsi kwake kuli penti watsopano wa timaenje, musachite manyazi. Tengani sikuludilaiva, mugogode ndi kubaya pamene masipuling'i agwira, ndipo mufunse mwiniwakeyo kuti penti asanapakidwe panali chiyani.